Mbalame Zikuluzikulu Zosauluka Zimene Zinatha Psiti: Mafunso ndi Mayankho pa Moa ndi Mbalame ya Njovu

Lero mbalame yaikulu kuposa zonse padziko ndi nthiwatiwa. Zaka 1,000 zapitazo sizinali choncho. Pazilumba za New Zealand ndi Madagascar panali mbalame zoti nthiwatiwa ikadaima pambali pake ikadaoneka ngati mwana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri za mbalamezi, za mmene ofufuza amaziphunzirira, ndi za phindu la kafukufukuyu kwa mbalame zimene zikadali moyo.

Kodi mbalamezi zinali zotani, ndipo zinkakhala kuti?

Moa ankakhala ku New Zealand kokha. Analipo mitundu isanu ndi inayi, kuyambira waung'ono wa m'nkhalango amene ankaposa nkhukundembo pang'ono, kufikira mitundu iwiri ikuluikulu ya Dinornis. Moa analibe mapiko ngakhale pang'ono. Nthiwatiwa ili ndi mapiko ngakhale siuluka, kiwi, mbalame yocheperako ya ku New Zealand, ali ndi tipiko tobisika mu nthenga, koma pa mafupa a moa palibe ndi kafupa komwe ka phiko.

Mbalame ya njovu inkakhala ku Madagascar, chilumba chimene chili tsidya la nyanja kuchokera ku Mozambique, mtunda wa makilomita oposa pang'ono 400 pamalo opapatiza. Dzina lake la sayansi, Aepyornis maximus, analipereka ndi Isidore Geoffroy Saint-Hilaire mu 1851. Panalinso mtundu wocheperako wotchedwa Mullerornis. Ku Australia kunali ina, Genyornis, imene inatha kale kwambiri, zaka pafupifupi 45,000 zapitazo, koma pano tikamba kwambiri za ziwiri zoyambazo chifukwa ndi zimene zinasiya umboni wochuluka.

Zinali zazikulu bwanji kwenikweni?

Moa wamkazi wa mtundu wa Dinornis ankalemera makilogalamu opitirira 200. Msana wake unkafika mamita awiri kuchokera pansi, ndipo akatambasula khosi m'mwamba ankatha kufika mamita 3.6. Zithunzi zakale zimamuonetsa ataimika khosi njo ngati nyamalikiti, koma mmene mafupa a khosi amalumikizirana ndi chigaza zimasonyeza kuti nthawi zambiri ankayenda mutu uli kutsogolo, osati m'mwamba.

Chodabwitsa n'chakuti tambala anali wamng'ono kwambiri kuyerekeza ndi thadzi. Kusiyanaku kunali kwakukulu moti kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankayesa kuti ndi mitundu yosiyana. DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a chamoyo chilichonse, ndi imene inaulula zoona mu 2003: mafupa aakulu onse anali a zazikazi, ang'onoang'onowo a zazimuna.

Mbalame ya njovu inali yolemera kuposa pamenepo. Mu 2018 James Hansford ndi Samuel Turvey anayeza mafupa mazanamazana osungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndipo anapeza kuti zazikulu kwambiri zinkalemera makilogalamu opitirira 600. Anazipatsa dzina latsopano, Vorombe titan, ngakhale kafukufuku wa DNA ya m'zigoba za mazira wa mu 2023 anakayikira ngati unalidi mtundu wapadera. Dzira lake limatalika masentimita opitirira 30 ndipo mkati mwake mungalowe mazira a nkhuku pafupifupi 150. Yerekezani ndi dzira la nthiwatiwa, limene limafanana ndi mazira a nkhuku 24 okha.

Palibe anazijambula zili moyo. Ndiye umboni umachokera kuti?

Mu 1839 Richard Owen, katswiri wa mafupa ku London, anapatsidwa chidutswa cha fupa la ntchafu chochokera ku New Zealand. Ataona mmene mkati mwake munalili, ananena kuti ndi fupa la mbalame yaikulu yonga nthiwatiwa. Patapita zaka zinayi mafupa ambiri anafika ndipo zinatsimikizika. Dzina loti Dinornis analipereka mu 1843.

Masiku ano zotsalira zimapezeka m'malo anayi. M'madambo a thope lomata, monga Pyramid Valley ku Canterbury, mbalame zinkatitimira n'kufera momwemo, ndipo mafupa amapezeka athunthu, nthawi zina ndi miyala ya mu nthutumba ili pamalo pake pamodzi ndi timitengo timene mbalameyo inadya tsiku lomaliza. M'mapanga ouma mumapezeka nthenga, khungu, zisa ndi zitosi. Mu 1987, m'phanga la pa Mount Owen munapezeka phazi la moa lili ndi mnofu, mamba ndi zikhadabo, ngati lafa mwezi watha, pamene linali la zaka zoposa 3,000. M'milu ya mchenga m'mbali mwa nyanja mumapezeka zigoba za mazira, ndipo kum'mwera kwa Madagascar zidutswa zake zimangoti mbwee pamchenga. Malo achinayi ndi pamene anthu ankaphika ndi kutaya zinyalala, monga Wairau Bar, pomwe pali maenje ophikira ndi miyala yotentha, mafupa odulidwa ndi mazira obooledwa.

Zaka za fupa amaziyeza bwanji?

Amagwiritsa ntchito kaboni-14. Chamoyo chilichonse chimalandira kaboni ameneyu kudzera mu chakudya. Chikafa chimasiya kulandira, ndipo amene analimo amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Kupitirira zaka pafupifupi 50,000 wotsalayo amakhala wochepa kwambiri moti njirayi siithandizanso.

Choyezedwa si fupa lonse koma kolajeni, puloteni imene imagwira fupa mkati. Amapala kunja kwa fupa kuti achotse dothi ndi mankhwala amene mwina anapakapo kale. Amadula kachidutswa kolemera theka la galamu kapena galamu imodzi n'kukaphwanya. Amakaviika mu asidi wofooka kuti mbali yolimba ya fupa isungunuke, kenako amatsuka ndi mankhwala ochotsa utoto wa zomera zowola umene unalowa kuchokera m'dothi. Chotsalacho amachitenthetsa m'madzi mpaka chisungunuke ngati msuzi wa mapazi a ng'ombe, amachisefa, n'kuchiumitsa. Asanachiyeze amaona kaye kuchuluka kwa kaboni poyerekeza ndi nayitulojeni. Kolajeni wabwino amakhala pakati pa 2.9 ndi 3.6. Nambala ikatuluka kunja kwa malire amenewa ndiye kuti mwalowa kaboni wachilendo, ndipo zotsatira zake amazitaya.

Cholakwika chofala kwambiri ndi guluu ndi vanishi. Mafupa ambiri amene anasonkhanitsidwa kalekale anapakidwa guluu wopangidwa kuchokera ku nyama, ndipo guluu ameneyo amachititsa fupa kuoneka laposachedwa. Kaboni wamakono wochepa chabe amatha kusokoneza zaka za fupa lakale kwambiri ndi zaka masauzande. Pomaliza, nambala yochokera m'makina imayenera kuwongoleredwa poiyerekeza ndi mizere ya zaka ya m'mitengo, ndipo kum'mwera kwa dziko lapansi kuli tchati chakechake chosiyana pang'ono ndi cha kumpoto.

Nanga DNA amaitenga bwanji m'fupa lakale chonchi?

DNA ya chinthu chakufa imaduka n'kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, tambiri tosafika zilembo 100 (DNA amaiwerenga ngati mndandanda wa zilembo A, C, G ndi T). Mu 2012 Morten Allentoft ndi anzake anayeza mafupa a moa 158 ndipo anapeza kuti pamalo otentha madigiri pafupifupi 13, theka la zolumikiza za DNA limaduka pa zaka 521 zilizonse. Kutentha kumafulumizitsa kwambiri kuwonongekaku. N'chifukwa chake mafupa a moa, ochokera kudziko lozizira, amapereka DNA yambiri, pamene a ku Madagascar amavuta.

Ntchitoyi imachitika m'labotale yapadera imene simulowa DNA yamakono yochulukitsidwa. Ogwira ntchito amavala chovala chophimba thupi lonse, chophimba kumaso ndi magolovesi awiriawiri. Matebulo amapukutidwa ndi jiki ndipo zida zimaunikidwa ndi kuwala kopha tizilombo. Amaboola fupa pamalo okhuthala, pang'onopang'ono kuti chobooleracho chisatenthe ufawo. Pa gulu lililonse la timabotolo amaikapo kamodzi kopanda fupa. Ngati m'kabotolo kopanda kanthuko mwapezeka DNA, ndiye kuti gulu lonse laipitsidwa. DNA yeniyeni yakale imadziwikanso ndi zipsera zake: kumapeto kwa tizidutswa chilembo C chimakonda kuwerengedwa ngati T. DNA ya munthu amene anagwira fupalo dzulo ilibe zipsera zimenezi.

Zigoba za mazira zathandiza kwambiri ku Madagascar. Mu 2010 Charlotte Oskam ndi anzake anasonyeza kuti chigoba chimasunga DNA mkati mwa laimu wake ndipo mabakiteriya salowamo ambiri ngati m'fupa.

Abale awo amoyo ndi ati?

Si amene mungaganize. Wachibale wapafupi wa moa ndi tinamou wa ku South America, mbalame yonga nkhwali imene imauluka. Wachibale wapafupi wa mbalame ya njovu ndi kiwi wa ku New Zealand, monga anasonyezera Kieren Mitchell ndi anzake mu 2014. Tanthauzo lake n'lakuti makolo a mbalamezi ankauluka, anafika kumalo osiyanasiyana, ndipo banja lililonse linasiya kuuluka palokha.

Chinapha moa n'chiyani? Si kusintha kwa nyengo?

Ayi. Pa nyama zonse zikuluzikulu zimene zinatha, nkhani ya moa ndi imene umboni wake uli womveka bwino kwambiri, ndipo umaloza kwa anthu.

Makolo a Amaori, anthu oyamba kukhala m'dzikoli, anafika ku New Zealand chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Nthawiyi imadziwika bwino chifukwa anabwera ndi khoswe wotchedwa kiore, ndipo njere zakale kwambiri zokhala ndi mano a khosweyu ndi za m'ma 1280. Pofika zaka za m'ma 1400 moa anali atatha. Zonse zinachitika pa zaka zosapitirira 150. Mu 2014 gulu la Allentoft linayeza DNA ya moa 281 a mitundu inayi ndipo silinapeze chizindikiro choti chiwerengero chawo chinkatsika anthu asanafike. Moa anapirira nyengo ya madzi oundana, kuphulika kwa mapiri ndi kusintha kwa nkhalango. Chaka chomwecho Richard Holdaway ndi anzake anawerengera kuti panthawi imene moa ankatha, anthu m'dziko lonselo sanapitirire 2,500.

Anthu ochepa chonchi, opanda mfuti, anatha bwanji mbalame m'dziko lalikulu chotero? Yankho lili pa kuswana. Mizere ya m'mafupa a miyendo imasonyeza kuti mitundu ina ya moa inkatenga zaka pafupifupi khumi kuti ikhwime. Inkaikira dzira limodzi kapena awiri. Nkhuku mukhoza kumadya mwezi ndi mwezi khola osachepa, chifukwa msoti umayamba kuikira usanathe chaka ndipo umaswa anapiye khumi. Mbalame yoswana mochedwa imadalira kuti zazikulu zikhale moyo zaka zambiri. Mukamapha zazikulu zochepa chabe chaka chilichonse kuposa ana amene akukula, n'kumatolanso mazira, chiwerengero chimagwa ngakhale m'nkhalango mukuonekabe mbalame. Mlenje sangaone vuto mpaka madzi atafika m'khosi. Kuwonjezera apo, nkhalango zambiri za kum'mawa kwa South Island, chilumba chachikulu cha kum'mwera kwa New Zealand, zinapsa ndi moto m'zaka zomwezo.

Tisawaweruze mopepuka anthu amenewo. Anafika kudziko lozizira kumene mbewu zawo zambiri sizikanakula, ndipo moa anali chakudya choti apulumukire. Moa atatha, chiwombankhanga cha Haast, chimene chinkalemera mpaka makilogalamu 15 ndipo chinkasaka moa, chinathanso.

Kodi ku Madagascar zinachitika chimodzimodzi?

Sizinathamange chonchi. Mbalame za njovu zinatha zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, koma mafupa ena opezeka ku Christmas River, a zaka zoposa 10,000, ali ndi zipsera zimene Hansford ndi anzake anati ndi za zida za anthu. Akatswiri ena amatsutsa zoti anthu anakhazikika pachilumbachi kale chonchi. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti kutha kwa mbalamezi, pamodzi ndi mvuu zazing'ono, akamba aakulu ndi malemur (nyama zonga anyani) akuluakulu, kunagwirizana ndi nthawi imene anthu anachuluka, ng'ombe zinafalikira ndipo tchire linkatenthedwa kuti pakhale msipu. Kuuma kwa nyengo kum'mwera kwa chilumbachi kunawonjezera mavuto. Mu 1658 Étienne de Flacourt analemba za mbalame yaikulu yotchedwa vouron patra imene anthu ankati imakhala kumalo kopanda anthu, koma palibe fupa limene lapezeka la zaka zimenezo.

N'chifukwa chiyani ofufuza amalimbikira kwambiri zitosi zouma?

Chifukwa fupa limakuuzani kukula kwa mbalame, koma chitosi chimakuuzani ntchito imene inkagwira m'nkhalango. Jamie Wood ndi Janet Wilmshurst akhala akufufuza zitosi za moa zopezeka pansi pa matanthwe ouma ku South Island. Chitosi chimodzi amachigawa: mbali ina ya DNA yodziwira mtundu wa moa, ina ya kaboni-14, ina amaiviika kuti ifewe n'kuisefa kuti aone njere, mungu ndi tizidutswa ta masamba pa maikulosikopu. Apeza kuti moa ena ankadya kwambiri zitsamba zazifupi ndi timaudzu ta pansi, osati masamba a m'mwamba okha. Apezanso mazira a njoka za m'mimba ndi DNA ya bowa, zosonyeza kuti moa ankamwaza mbewu za bowa amene mizu ya mitengo imadalira.

Palinso nkhani ya zomera zimene zimaoneka ngati zikudziteteza kwa mdani amene kulibenso. Mtengo wa horoeka ukakhala waung'ono umakhala ndi masamba aatali, olimba, aminga m'mbali. Ukapitirira mamita pafupifupi atatu masamba ake amasintha n'kukhala aafupi ndi ofewa. Ambiri amati ndi chifukwa cha moa. Ena amati chisanu ndi mphepo zinathandizira, ndipo mkanganowu ukadalipo.

Kodi zonsezi zimathandiza bwanji mbalame zimene zili moyo?

Phunziro la kuswana mochedwa ndi limene likuyendetsa ntchito yoteteza mbalame zosauluka za ku New Zealand monga kiwi, kākāpō ndi takahē lero. Adani asintha. Panopa ndi makoswe, amphaka, agalu ndi kanyama konga likongwe kotchedwa stoat, kamene azungu anakabweretsa m'zaka za m'ma 1880 kuti kazipha akalulu.

Kumalo kopanda misampha, mwa anapiye 100 a kiwi amene aswedwa, pafupifupi 5 okha ndi amene amakula. Ndondomeko ya Operation Nest Egg, imene inayamba mu 1994, imachita motere: tambala wa kiwi, amene ndi amene amakhalira mazira m'mitundu yambiri, amamangidwa kawailesi kumwendo. Alonda amadikira kuti dzira likhwime, amalitenga mosamala osalitembenuza mwachisawawa, n'kukaliika m'makina ofungatira. Mwanapiye amaleredwa pachilumba kapena mumpanda wopanda adani mpaka alemere pafupifupi kilogalamu imodzi, msinkhu umene amatha kudziteteza kwa stoat. Akatero amabwezedwa kwawo, ndipo oposa theka amakula. Koma galu mmodzi wolekerera akhoza kupha kiwi akuluakulu ambiri m'masabata ochepa, ndipo kutaya wamkulu mmodzi n'kopweteka kuposa kutaya anapiye angapo, monga momwe zinalili ndi moa.

Kākāpō, chinkhwe chachikulu chosauluka, anatsala 51 okha mu 1995. Lero apitirira 200, ndipo pafupifupi onse ali pazilumba zopanda adani monga Whenua Hou. Amaswana pokhapokha mitengo ya rimu ikabereka kwambiri, kamodzi pa zaka ziwiri mpaka zinayi. DNA ya mbalame iliyonse inawerengedwa kuti achibale apafupi asakweranitsidwe, chifukwa mazira ambiri saswa. Takahē ankayesedwa kuti anatha mpaka Geoffrey Orbell anawapeza m'mapiri a Murchison mu 1948. Mafupa akale anasonyeza kuti poyamba ankakhala m'madera ambiri a South Island, kuphatikizapo m'zigwa. Mapiri ozizirawo anali kothawira chabe. Mfundo imeneyi ndi yofunika kulikonse: kumene nyama yatsalira lero si kumene imakhala bwino kwambiri nthawi zonse, ndipo mafupa ndi amene angakuuzeni kumene mungaibwezere.

Kodi nyama ina ingalowe m'malo mwa mbalame zimene zinatha?

Nthawi zina, koma pamafunika umboni. Ena ankati agwape amene anabweretsedwa ku New Zealand akugwira ntchito ya moa. Kuyerekeza zitosi za moa ndi ndowe za agwape kunasonyeza kuti si choncho: nkhalango za nthawi ya moa zinali ndi zomera za pansi zamitundu yambiri zimene agwape azimaliza. Gwape amadula ndi mano, amatafuna njere ndipo amaswana mofulumira. Kumene kulowetsa m'malo kwayenda bwino ndi pa akamba. Pa kachilumba ka Île aux Aigrettes ku Mauritius, akamba aakulu ochokera ku Aldabra akudya zipatso za mtengo wa ebony n'kumwaza njere zake, ntchito imene akamba a komweko amene anatha ankagwira.

Tamva kuti akufuna kuukitsa moa. N'zotheka?

Mu July 2025 kampani ya ku America ya Colossal Biosciences inalengeza ntchito yotere mogwirizana ndi Ngāi Tahu Research Centre ndi wopanga mafilimu Peter Jackson. Palibe selo lamoyo la moa limene lilipo, choncho sangamukope mwachindunji. Chimene angachite ndi kutenga maselo obereka a mbalame yamoyo monga emu (mbalame yaikulu yosauluka ya ku Australia) kapena tinamou, n'kusintha majini ena kuti afanane ndi a moa. Zovuta zake n'zazikulu. Mbalamezi zinasiyana ndi moa zaka mamiliyoni makumi angapo zapitazo, ndiye zilembo zosiyana ndi zochuluka kwambiri. Mwana wa mbalame amakulira m'chigoba, ndipo dzira la Dinornis linkatalika masentimita pafupifupi 24, loti emu sangaikire. Chotulukapo chingakhale emu wosinthidwa, osati moa. Ife tikuona kuti luso losunga ndi kukulitsa maselo a mbalame lingathandize mitundu imene ili pangozi, koma ndi zoopsa anthu akayamba kuganiza kuti chimene chatha chikhoza kubwezedwa, pamene kiwi akufunika misampha yoyenderedwa mwezi uno.

Ndikapeza fupa lakale kapena chigoba chachilendo ndichite chiyani?

Moa ndi mbalame ya njovu simungazipeze ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, koma mafupa akale a nyama zina amapezeka, monga a Malawisaurus amene chifaniziro chake chili ku myuziyamu ya ku Karonga. Malamulo osamalira ndi amodzi. Musalizule. Fupa likachoka pamalo pake, theka la nkhani yake latayika, chifukwa dothi lozungulira, kuya kwake ndi zimene zili pambali pake ndi umboni. Lijambuleni pafupi ndi patali, mutaika cholembera kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kuoneke. Lembani malo pogwiritsa ntchito GPS ya pafoni. Musalitsuke, musalipake mafuta, guluu kapena vanishi, ndipo musaligwire ndi manja opanda magolovesi. Ngati madzi atsala pang'ono kulikokolola, liikeni m'pepala loyera louma, osati m'jumbo yotseka, chifukwa chinyezi chimabweretsa nkhungu, ndipo lisungeni pamthunzi pozizira. Kenako dziwitsani amfumu a deralo ndi ofesi ya boma yoona za zinthu zakale. Musagule kapena kugulitsa. Mu 2013 dzira lathunthu la mbalame ya njovu linagulitsidwa ku London pamtengo woposa mapaundi 66,000, ndipo mitengo yotere ndi imene imachititsa anthu kukumba mapanga ndi milu ya mchenga popanda kulemba kalikonse. Mazira ambiri amene amaoneka pamsika ndi zidutswa za mazira osiyanasiyana zomatidwa pamodzi ndi guluu, zoti sizingayezedwenso zaka kapena DNA molondola.